Loya wa pa bawo ndi nkhani ya BK

Mnzanu wa tsamba linoyu kutchalitchi amaonekako pa Khirisimasi ndi pa maliro basi. Koma wina atanena pa bawo kuti phunziro la chipembedzo likhale lokakamiza m'sukulu zonse, woyamba kuwomba m'manja anali iyeyo. Ati ana a masiku ano asowa mwambo. Chimene sananene n'choti akufuna aphunzitsi amulelere ana ake, iye azigona bwino Lamulungu m'mawa.

Mphunzitsi wina wopuma ntchito anangofunsa akutapa nkhomo: "Achimwene, chipembedzo chake chiti?"

Funsoli linadwalitsapo mutu boma. M'chaka cha 2000, Unduna wa Zamaphunziro unafuna kuchotsa Bible Knowledge (BK) kusekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, momwe munali Chikhristu, Chisilamu ndi zipembedzo za makolo. Mipingo inakana kwamtuwagalu, mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa ganizolo. Mapeto ake maphunziro onse awiri analoledwa. Mnzanuyu pa nthawiyo anali mbali ya BK, phunziro limene analakwa pa JCE popanda womuthandiza.

Atapanikizika, anasanduka loya. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Kumasulira kwa mnzanuyu kunali koti "munthu aliyense" ndi amene amagula yekha ufa. Mwana wa sitandade 5 wodya nsima ya bambo ake ufulu autenga kuti?

Mphunzitsi uja anamukumbutsa za 2023, pomwe Justice Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha madiredi n'kuphwanya malamulo. "Boma linaletsedwa kulamula za tsitsi la pamutu. Ndiye likalamule za m'kati mwa mutumo?" Anatchulanso kalembera wa 2018: mwa anthu 100 alionse, Akatolika ndi 17, a CCAP 14, Asilamu pafupifupi 14, ndipo awiri alibe chipembedzo. Onsewa msonkho amakhoma, ana awo amakhala pa desiki limodzi, komwe madesiki aliko.

Apa mnzanuyu anapereka ganizo lomaliza: kukakamiza kukhalepo, bola mpingo wake ukhale wa iyeyo. Atafunsidwa dzina la abusa ake, anatchula amene anasamuka kalekale.

Madzulo mwana wake wamkazi anabwera ndi homuweki: maina a ophunzira 12 a Yesu. Bambo anayamba mwamphamvu, Petro, Yohane, Yudasi, kenaka anakhosomola n'kuponyapo Nowa.

"Adadi, Nowa ndi wa chingalawa."

"Kafunse amayi ako," anatero. "Ine mbali yanga ndi ya malamulo."