Nkhuyu ya pansi pa injini

Subframe yakutsogolo, imene amakaniko ambiri amangoti crossmember, ndi chitsulo chopingasa pansi pa injini. Pachitsulo chimenechi ndi pamene amamangapo steering rack ndi ma control arm ogwira matayala. Mwini galimoto sachidziwa mpaka tsiku limene dzenje la nyengo yamvula, kapena hampu yosaoneka usiku, yachipinda. Kuyambira pamenepo galimoto imakokera kumanzere, ngakhale kuti woyendetsa alibe m'bale kumanzereko.

Akale anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ankachenjeza anyamata ofunsira mbeta, koma mwambiwu unapeza ntchito ina m'mashopu a masipeya a ku Old Town mu Lilongwe, cha mumsewu wa Malangalanga. Kumeneko subframe yatsopano, yosapangidwa ndi kampani imene inapanga galimotoyo, imafika ili mupulasitiki, penti yakuda ili phuliphuli, mtengo wake wokoma. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kalaliki wa ku Capital Hill amene ali ndi Passo akamva mtengo wa yeniyeni amayamba wakhala pansi. Yotchipayo imamumwetulira.

Nyerere zake n'ziwiri. Yoyamba ndi chitsulo chopyapyala, chimene penti imabisa bwino lomwe. Yachiwiri ndi mabowo a mabawuti. Akaphonya ndi mamilimita ochepa chabe, makaniko amatenga hamala ndi tupa n'kunena kuti "ilowa, bwana." Imalowadi. Koma matayala amayamba kudyeka mbali imodzi, wa alignment amapotokola mpaka thukuta osatheka, ndipo ndalama imene inapulumuka pakauntala imakathera kwa wogulitsa matayala. Sikuti zonse zili choncho. Zilipo zopangidwa bwino, kungoti zabwinozo sizitchipa kwenikweni.

Palinso mtundu wa subframe wopangidwa ndi mapaipi owotcherera, wopepuka, umene anyamata a ku Area 10 ndi Area 43 amauona pa YouTube. Unapangidwira mabwalo a mpikisano, kumene kulibe maenje ndipo kilogalamu iliyonse imawerengedwa. Pa Vitz ya masilinda atatu, makilogalamu opulumutsidwawo amabwerera onse, n'chiwongoladzanja chomwe, thumba la chimanga la makilogalamu 50 lochokera kumudzi likangolowa mubuti. Mabushi ake olimba amafikitsa mwala uliwonse m'mano mwa woyendetsa.

Njira ina ndi ya kaunjika: subframe yeniyeni yomasulidwa pagalimoto yophwasulidwa, monga zimene zimapezeka ku Biwi. Imakhala yamatope, ya mafuta, yosakopa maso, koma mabowo ake anaboola ndi a Toyota eniake. Pagalimoto ya ndalama zochepa, imeneyi ndiyo kawirikawiri imapambana. Komabe nayo ili ndi nyerere zake. Galimoto zambiri za mu Lilongwe zinachokera ku Japan, kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo kumadera ozizira a dzikolo amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke. Mcherewo umadya chitsulo kuyambira m'kati. Subframe ina imakhala kuti inachotsedwa pagalimoto yangozi, yopindika kale, wogulitsa n'kungoipaka penti kuti ioneke yachinyamata.

Wogula wanzeru amapita ndi subframe yakale pamodzi ndi nambala ya chassis, chifukwa masipeya a galimoto za dzina limodzi, monga Vitz ya KSP90 ndi ya KSP130, amatha kusiyana. Amagoneka yakaleyo ndi yogulitsidwayo pansi moyandikana n'kuyeza mabowo ndi tepi. Amazinyamula zonse ziwiri kuti amve kulemera, kenako amagogoda ndi sipanala: chitsulo chamoyo chimalira, chadzimbiri chimatsokomola n'kugwetsa fumbi lofiira. Pamtengo amawonjezerapo mabawuti atsopano, mabushi, ganyu wa makaniko ndi alignment. Zonsezi zimachitika ndalama zili m'thumba, pakuti malisiti a mashopu ambiri amaneneratu m'munsi kuti katundu akatuluka sabwerera.