Nyimbo za m'madambo a ku Amerika zafika pa Mphunzi

Anyamata akamachokera ku Joni amabwera ndi malata, mabulangete, ena njinga yamoto. Wathu wa kuno ku Mphunzi wabwera ndi sipika yaikulu ndi memori khadi imodzi basi. Ati bwana wake wa ku Johannesburg anamuikiramo nyimbo za mzungu wina wa ku Louisiana, m'dziko la Amerika, dzina lake Tony Joe White, pamodzi ndi chimbale chake cha Smoke from the Chimney. Ku Louisiana ndi dera la madambo, madzi osayenda, udzudzu ndi ng'ona, ndipo nyimbo zakenso n'zoyenda mwakachetechete: blues wothira soul ndi funk, besi ikugunda pansipansi. Mudzi wonse wakhala ukuzenga mlandu wa nyimbozi.

*

Oyamba kufunsa anali a mfumu.

"Mwana wanga, woyimbayu mawu ake kukhuthala chonchi, ndi chimfine?"

"Ayi a mfumu, ndi mmene analengedwera. Komanso anamwalira mu 2018."

"Pepa. Nanga chimbalechi chinatuluka liti?"

"Mu 2021."

A mfumu anawerenga zala, kenaka anasunthira mpando wawo kutali ndi sipika. "Zaka zitatu ali kumanda, akuyimbabe?"

Mnyamata anafotokoza kuti palibe zamatsenga. Malemuwo ankajambula nyimbo ali okha kunyumba, mawu ndi gitala basi. Atamwalira, mwana wawo anatenga matepiwo n'kukapereka kwa Dan Auerbach wa gulu la The Black Keys, yemwe anaitana oyimba ku Nashville n'kuwonjezera ng'oma, besi ndi zina zonse.

A mfumu anakhala chete nthawi yaitali. "Ndiye kuti malemuwa akugwirabe ganyu, ana akudya. Kuno munthu akatisiya amangotisiyira ngongole ya feteleza."

Madzulo ake anamveka kuseri kwa nkhokwe akuyimba m'foni ya mdzukulu wawo. Titafunsa, anati tisawasokoneze, akukonza chuma cha masiye.

*

Agogo aakazi a kutsidya kwa dambo anafuna kudziwa za nyimbo ina yomwe ana ankangoibwereza, ya Polk Salad Annie, yomwe inatchuka mu 1969. Anauzidwa kuti imakamba za mtsikana wa banja losauka yemwe ankathyola ndiwo zakutchire, masamba ena oti ukapanda kuwawiritsa n'kutaya madzi kangapo, akupweteka. Anauzidwanso kuti nyimboyi inagulidwa kwambiri, mpaka Elvis Presley ankaiyimba pa zoimbaimba zake.

"Nyimbo ya ndiwo?" anatero agogo. "Ine ndayamba kuthyola chisoso ndi bonongwe Kamuzu asanabwere. Wandiyimbapo ndani?"

Kenaka mnyamata anawonjezera kuti m'nyimbomo mulinso zoti agogo ake a mtsikanayo anagwidwa ndi ng'ona.

Agogo anaika lichero pansi. "Anapezeka?"

"Sakunena, agogo."

"Ndiye inu mukuvina? Zimitsani. Anthu ali pa siwa."

*

Mkulu wa mpingo wina ankadutsa pomwe sipika inali pa nyimbo ya soul, yokhala ndi limba ndi amayi ovomereza kumbuyo. Anaima, anavula chipewa, anatsinzina. Sanalakwe kwenikweni, chifukwa soul anabadwira m'tchalitchi cha anthu akuda a ku Amerika. Aretha Franklin anali mwana wa abusa ku Detroit, ndipo Sam Cooke anatchukira m'gulu la nyimbo zauzimu la Soul Stirrers. Nyimbo itatha mkuluyo anati ameni, n'kufunsa kuti mawu ake achokera m'buku liti.

"Bambo mkulu, akudandaula kuti mkazi wamuthawa."

Chipewa chinabwerera kumutu msangamsanga. "Ndinadziwa ine. N'chifukwa chake phazi langa limangogunda lokha, mtima usakufuna."

Anachoka, koma anakaima pa mtengo wa pichesi mpaka nyimbo yotsatira inatha. Ati amaona ngati zipatso zayamba kupsa. Munali mu June.

*

Mlandu waukulu unabuka pa mowa. Amalume ena, omwe khutu lawo limatseguka botolo likafika pakati, anamvetsera gitala ija n'kumenya patebulo.

"Ameneyu waba! Izi ndi za Namoko izi!"

Amanena Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja, yemwe ankakhwacha banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, mwini nyimbo ya Lameki. Anamwalira mu 1995. Kunena zoona amalume anamva bwino. Mawu okhakhala aja, kamayimbidwe kobwerezabwereza, munthu kudandaula za umphawi ndi umasiye anthu n'kumavina, zonsezo zimapezeka mbali zonse ziwiri.

Aphunzitsi opuma ntchito, omwe sangalole nkhani idutse osaiika pa bolodi, anakonza kolala. Anati blues wa m'madambo ndi wakale, Slim Harpo wa ku Louisiana komweko anajambula I'm a King Bee mu 1957, Namoko asanamveke pa wailesi. Anati muzu wake ndi akapolo omwe anatengedwa kuno ku Africa. Anatchulanso Gerhard Kubik wa ku Austria, yemwe anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka akuyimba mu Blantyre mu 1967, nakhala nawo pa ubale zaka zambiri, mpaka mu 1999 anatulutsa buku lotchedwa Africa and the Blues. M'bukumo akuonetsa kuti zambiri za blues zikufanana ndi nyimbo za kumadzulo kwa Africa, chakumtunda kouma kuja.

Amalume anamvetsera zonse modekha, akugwedeza mutu.

"Aphunzitsi, mwalankhula bwino. Ndiye mwavomereza kuti zinachokera kuno."

"Ku Africa, osati ku Thyolo."

"Thyolo ili kuti?"

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, anatsekanso.

"Mlandu upite kwa a T/A," anagamula amalume. "Aamerika alipire mbuzi. Ine ndiimirira banja la Namoko."

Wina anawakumbutsa kuti iwo ndi Mchewa wa pa Dedza, ku Thyolo sanapondeko. Anayankha kuti pa mbuzi palibe mtundu.

*

Wa kabaza sanataye nthawi. Anamvera mphindi imodzi, n'kunena kuti nyimbo imeneyi ili ngati kukwera mtunda wa Mphunzi utanyamula matumba awiri a kachewere: ufika ndithu, koma osati lero.

*

Nkhani ina ndi ya mwana wa sitandade 7 yemwe anakhoma gitala yake ndi chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya. Wayayo anamumasula ku buleki yakutsogolo ya njinga ya bambo ake. Bambowo anazindikira zimenezi ali pakati potsetsereka, ndipo anakaima m'dimba la kabichi la eni ake. Gitala inaletsedwa pakhomopo.

Tsono kuno kumabwera alendo odzaona zojambula za pamiyala, zofiira zakale zija za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006 pamodzi ndi malo ena a Chongoni, onse 127. Mlendo wina potsika phiri anapeza mwanayo akuyimba mobisala pathanthwe. Anamujambula pa foni, namupatsa ndalama yoposa ya kabichi yemwe anawonongeka uja.

Usiku womwewo aphunzitsi anafika pakhomopo kudzathira mafuta pamoto. Anawauza bambowo za Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, omwe ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuyambira pamenepo akhala akukwera ndege kupita ku Ulaya. Zimbale zawo, kuphatikizapo Ma Gitala cha mu 2025, zimatulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva.

Bambo anatuluka panja osalankhula. Anabwera ndi waya wa buleki yakumbuyo.

"Tenga mwana wanga. Uikenso besi."

Masiku ano njinga imeneyo amaimitsa ndi chidendene. Mayi a mwanayo akuti n'chimodzimodzi, bamboo akuphunzira ng'oma.

*

Amalume aja anatuma mdzukulu kwa obena nyimbo kuti akawaikire Namoko ndi Kachamba m'khadi, ati umboni wa pa mlandu. Mwana anabwerako ndi nyimbo za ku Nigeria, amapiano a ku Joni ndi filimu ya karate. Wobenayo ati Namoko sakumudziwa, koma ngati ndi woyimba watsopano amuuze abweretse nyimbo zake, amuthandiza kutchuka.

Apa ine ndiye ndili mbali ya amalume. Mzungu wa ku Louisiana wafika pa Mphunzi kudzera ku Johannesburg, koma wa ku Thyolo wakanika kudutsa pa Ntcheu. Inu obena nyimbo a pa Lobi ndi pa Chimbiya, sakani Namoko, Kachamba ndi Robert Fumulani muike m'makompyuta anuwo. Makasitomala alipo. Amalume akuti alipira akagulitsa nyemba.