Ulemu kwa Katundu wa Pansi pa Bedi

Pa Mutare pano anthu amatamanda mapiri a Vumba ndi msewu wokhotakhota wa Christmas Pass, ena mpaka nthochi za ku Honde Valley zimene zimadzaza msika wa Sakubva. Koma sindinaonepo munthu akuvula chipewa polemekeza katundu wa pansi pa bedi: mapoto a Kango obooka, nsapato zopanda zinzake, makiyi amene maloko ake anatayika kalekale, wailesi ya Supersonic imene inasiya kulankhula mzinda uno ukutchedwabe Umtali, chisanafike chaka cha 1982. Akuluakulu amenewa adani awachulukira, ndiye lero ndiwaikire kumbuyo.

Mdani wamkulu ndi ejenti wogulitsa nyumba. Banja likagwirizana kuti nyumba ya agogo ku Dangamvura kapena ku Chikanga igulitsidwe, poti ana ena ali ku Johannesburg, ena ku London, ndipo wotsala pakhomo akufuna gawo lake, mkuluyu amatulukira foni ili m'manja. Akangosuzumira kuchipinda amakwinya nkhope. Ati zonse zichoke, makoma apakidwe penti, pakhonde pawale ndi Cobra, pachithunzi pasaoneke ngakhale chitini chimodzi. Ati wogula amafuna kuona malo. Mwano wake!

Kodi ndani pa dziko lino anasunga chuma mokhulupirika kuposa chitini? Mu 2008 ndalama za kubanki ndi za penshoni zinasungunuka anthu akuyang'ana, ndipo mu January 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 trillion. Ophunzira anataya mapepalawo kudzala. Agogo aakazi, amene sataya ngakhale mphira womangira, anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'chitini pamodzi ndi mabatani. Lero alendo ndi osonkhanitsa ndalama zakale amawagula ndi madola a ku America. Kunabwera ma bond note mu 2016, kwabwera ndalama ya ZiG mu 2024, chitini chili pomwepo, dzimbiri lokha ndi limene lawonjezereka.

Katunduyu ali ndi chiphunzitso chimodzi chokha, chakuti tidzamufuna tsiku lina, ndipo kuno tsiku limenelo limafikadi. Magetsi akazima, mbaula ya parafini imene ana ankaiseka ndiyo imaphika nsima. Mipopi ikauma, monga a ku Dangamvura akudziwira bwino, zigubu zonse za mafuta ndi mabotolo a Mazoe amene anaunjikidwa kuseri kwa chitseko amakwezedwa pa udindo tsiku lomwelo.

Koma mfumu ya onse ndi bokosi lachitsulo la agogo aamuna. Limakhala kukona, pamwamba pake atasanjikiza mabulangete, ndipo kulitsegula kumafuna anthu awiri ndi mpeni. Mwini wake anachoka ku Nyasaland ali mnyamata, m'masiku amene Ulere ndi Mthandizi ankabweretsa anthu aganyu kuno, kudzagwira ntchito ku migodi ya Penhalonga kapena pa njanji yopita ku Beira. Bokosilo analigula kuti adzanyamuliremo katundu pobwerera kumudzi. Silinabwerere, linatchona ngati mwini wake. Mukakweza chivundikiro mumalandiridwa ndi fungo la mankhwala a njenjete. Pamwamba pali jekete la ukwati, mapewa ake atadyeka. Pansi pake khadi la bungwe la maliro, masitampa ali mbwee. Kenako makalata omangidwa ndi ulusi, ochokera ku Dedza, onse ofunsa funso limodzi: mubwera liti? Ndipo pansi penipeni chitupa chakale chokhala ndi chilembo A, chosonyeza kuti munthuyu, ngakhale anakalambira kuno, boma linkamuwerenga kuti ndi mlendo. Malamulo a dziko a 2013 atavomereza kuti obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika, ambiri anagwada pa mabokosi otere kufunafuna mapepala a kubadwa. Banja limene linali laukhondo kwambiri linavutika.

Nkhani yosesa anthu a kuno amaimva ndi khutu lina. Mu 2005 boma nalo linagwira tsache pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, tinyumba ta kuseri ndi misika ya m'mbali mwa msewu zinagwa, ku Sakubva komwe, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala kapena popezera chakudya. Malata opindika ndi matabwa amene mumawaona atatsamira mpanda, ena mwa iwo ndi opulumuka a chaka chimenecho. Muziwapatsa moni.

Sindikuiwala kuti katunduyu ndi wochereza alendo. Mphemvu, makoswe ndi akangaude akhala mmenemo mibadwomibadwo osalipira lendi, osadandaulidwa. Ndi woyanjanitsanso abale: azakhali amene sanaponde pakhomo chiikireni maliro amakwera basi kuchokera ku Harare akangomva kuti makina osokera a Singer, amene palibe anawapondapo zaka makumi awiri, akufuna kuperekedwa kwa mlamu.

Chimene chimandikoma n'chakuti ejenti yemwe uja amabweranso patapita sabata, ulendo uno mawu ali pansipansi. Wogula wapezeka, koma loya akufuna mapepala a nyumba, mgwirizano wakale wa ku khonsolo ndi malisiti. Onse amayang'anana. Kenako wina amathamangira kunkhuti, kukavundukula katoni imene anaitaya sabata yatha poti inkaipitsa chithunzi.

Tsono inu amene mwagula nyumba yoyera mbee, yonunkhira penti, musanyade. Sungani katoni imene munabweretseramo firiji, ikani pansi pa bedi. Pofika Khirisimasi idzakhala itadzaza.