Musagule jenereta yachete, anthu angayese mwasauka

Fodya wapita ku Kanengo, mtedza ndi soya mavenda akweza, ndipo m'matumba mwa anthu ena kuno kwa Mlonyeni muli kangachepe. Imeneyi ndi nyengo ya matenda ofuna jenereta. Matendawa sasankha. Amene ali pa waya wa ESCOM amadwala chifukwa cha kuthimathima, ndipo amene waya sunawafike, omwe ndiwo ochuluka, amadwala chifukwa chotopa ndi tochi ya m'foni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 aliwonse m'Malawi muno, 11 okha ndiwo amaunikira magetsi, ndiye odwalawo ndi ambiri. Ine ndabwera kudzakuthandizani kuti ndalama ya thukuta lanu isapite pa chinthu chopanda ulemu.

Chinthu chopanda ulemucho chafika m'masitolo a ku Lilongwe ndi a ku Chipata. Amachitcha jenereta ya inverter. Mukachiona mudzayesa chikwama cha mwana wa sukulu ya pulaiveti: chokutidwa ndi pulasitiki, chogwirira pamwamba, mtengo wake wogula zinzake zitatu kapena zinayi. Wogulitsa adzakuuzani monyadira kuti sichisokosa. Akangotero, bwezerani ndalama m'sokosi.

Koma mdani uyenera kumudziwa, ndiye imvani mmene chimagwirira ntchito. Jenereta yathu yozolowereka, kuti itulutse magetsi oyenera zipangizo za kuno, a 230 volts ndi 50 Hz, injini yake iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi. Kaya mwayatsa babu limodzi, kaya mwalumikiza fuliji, iyo ndi chimodzimodzi: imabangula ngati chigayo mpaka petulo athe. Ya inverter ili ndi kaubongo. Magetsi amene injini yapanga imayamba yawasandutsa a mtundu wa m'batire, kenako n'kuwaumbanso kuti atuluke osalala, osadumphadumpha. Chifukwa cha chimenecho injini siikakamizidwa kuthamanga. Ntchito ikachepa nayo imatsika, n'kumamwa petulo pang'onopang'ono. Ya Honda imene amaitcha EU22i imalemera makilogalamu 21, ndipo phokoso lake silipitirira la anthu awiri akucheza pakhonde.

Tsono taganizani, abale anga. Mwalima chaka chathunthu, mwalimbana ndi mtengo wa feteleza, mwagula jenereta, ndipo aneba anu agona tulo tabwino osadziwa kanthu. Mwapindulanji? Apongozi anu ali tsidya la dambo adziwa bwanji kuti mwana wawo anakwatiwa pabwino? Jenereta ntchito yake yoyamba ndi kulengeza. Kuunika n'kongoonjezera. Ikalira cha m'ma 7 koloko madzulo, mudzi wonse umadziwa kuti kwa auje kuli mpira wa Arsenal, ana amayamba kukupatsani moni ndi manja awiri, ndipo pa maliro amakupatsani mpando m'malo mwa njerwa. Yachete siingakupezereni ngakhale chitsa.

Palinso nkhani ya chitetezo. Ife tili m'malire. Mu December 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula chipata chamakono cha Mchinji ndi Mwami, koma aliyense amene anakulira kuno akudziwa kuti njira zopita ku Zambia zilipo zambiri kuposa zimene boma linapaka penti. Jenereta yolira ndi mlonda wa iyo yokha. Ikangoti zii pakati pa usiku, mudzi wonse umadzidzimuka, agalu n'kuyamba kuuwa. Yachete ija opanga ake anachita kuiikira chogwirira kuti wakuba asapweteke msana. Makilogalamu 21 wakabaza samawerengera n'komwe ngati katundu. Pofika m'mawa idzakhala ikuunikira ukwati ku Chipata, mwakachetechete monga mwa chikhalidwe chake.

Ndiye sankhani kajenereta kaja kakang'ono kolembedwa Tiger, kamene petulo wake mumasakaniza ndi oyilo. Kameneka kali ndi zonse: phokoso, utsi, fungo, ndiponso chingwe cholizira chimene chimaduka tsiku la fainolo. Mukafuna dzina lalikulu pa mtengo waung'ono, zilipo zina zofiira bwino zimene dzina lake ndi la kampani yotchuka ya ku Japan, kungoti chilembo chimodzi chinasochera pa ulendo. Musachiwerenge kawiri.

Manambala a pa katoni muwakhulupirire ndi mtima wonse. Pakalembedwa 950, musafunse ngati imeneyo ndi mphamvu imene jenereta imapirira nayo usiku wonse kapena imene imangofikako kamphindi kochepa. Anthu ofunsafunsa amapeza kuti mphamvu yeniyeni ndi yocheperapo ndithu, n'kukhumudwa. Amapezanso kuti fuliji ikamayaka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikakhazikika, kuti ayironi imodzi imafuna mawati 1,000 kapena kuposa, ndiponso kuti ketulo yamagetsi payokha imatha kudya 2,000. Inu musadzivutitse ndi masamu. Lumikizani zonse nthawi imodzi, ayironi, fuliji, TV, mafoni 14 a anthu a kumpingo, kenako mumvetsere jenereta ikusintha mawu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze kuti phulalo linali loipa.

Chimodzimodzi nambala ya phokoso, ija amailemba dB. Opanga amaiyeza ataima mamita 7 kuchokera pa jenereta, nthawi zambiri isakugwira ntchito yolemera. Ndipo nambalayi ndi yachinyengo: ikakwera ndi 10, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza. Choncho pakati pa 57 ndi 77 pali mtunda wautali kuposa mmene zikuonekera pa pepala. Inu tengani ya nambala yaikulu. Poiyesa, muiyesere pa msika wa pa Kamwendo masana, pafupi ndi wogulitsa masipika, kuti mudzadabwe bwino mukafika nayo kunyumba.

Pano pokha ndisiye nthabwala. Jenereta iliyonse, yolira kaya yachete, imatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha. Umagonetsa munthu tulo tosadzuka. Musailize m'nyumba, m'khitchini, m'sitolo yotseka kapena pansi pa windo la kuchipinda, ngakhale mvula igwe bwanji, ngakhale akuba achuluke bwanji. Yachete ndiyo yoopsa kwambiri pa nkhaniyi chifukwa imanyengerera munthu kuti aigoneke pafupi. Ndiponso musailumikize ku soketi ya m'nyumba imene ili pa waya wa ESCOM popanda switchi yosinthira yoikidwa ndi katswiri, chifukwa magetsi anu amabwerera mu waya n'kupha munthu amene akukonza pa pholo. Imangeni ndi tcheni panja. Tabwerera ku nthabwala.

Za petulo musade nkhawa. N'zoona kuti zaka zapitazi takhala tikugona pa mizere, kuti nthawi zina a MERA amaletsa kugula m'zigubu, ndiponso kuti jenereta ilibe mateyala oti n'kuima nayo pa pampu. N'zoona kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Koma anyamata a mabotolo m'mbali mwa msewu alipo, ndipo petulo wawo amabwera ndi mphatso ya parafini mkati mwake osalipiritsa padera. Jenereta ya inverter imanyansidwa ndi zoterezi, imatsokomola, ndipo kabokosi kake ka ubongo kakapsa, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amangokagwedeza pafupi ndi khutu n'kukuuzani kuti mupite ku Lilongwe. Tiger amakonzedwa ndi sipanala imodzi ndi mwala.

Musachitenso manyazi ndi phokoso, chifukwa mukutsata mapazi a akuluakulu. Mu 2018 dziko lenilenili, madzi atachepa mu Shire, linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko. Palibe amene anati anali achete, ndipo mtengo wake unamveka patali kuposa injini zake. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka usiku umodzi. Anzathu a tsidya linalo ku Zambia, amene tinkawasirira, mu 2024 madzi a ku Kariba atatsika ankakhala mumdima maola oposa 20 pa tsiku. Malire atha kutilekanitsa pa ndalama ndi pa mbendera, koma usiku, mukaima pa Mwami n'kutchera khutu, mbali zonse ziwiri zikulira nyimbo imodzi.

Tsopano poti magetsi mwapeza, pafunika choonera. Apa ndi pamene pakubwera zimbale zopanda kanthu, zija amagulitsa zitasanjikizana 50 pa kamtengo kamodzi. Ana a masiku ano adzakusekani, poti iwo zonse zili pa memole khadi, pa fulashi ndi pa WhatsApp, ndipo malaputopu atsopano alibe ngakhale pakamwa polowetsa chimbale. Alekeni. Kwaya ya amayi ikajambula nyimbo, imafuna chinthu choti abusa achigwire m'manja n'kuchipempherera, mlendo wolemekezeka n'kuchigula pa mtengo wa mbuzi. Fulashi siigwirika bwino pa chithunzi.

Mitundu yake si yovuta. CD-R imalowa mamegabaiti 700, kapena mphindi 80 za nyimbo. DVD-R imalowa magigabaiti 4.7, okwanira ukwati kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani ngati wojambula sanatengeke ndi atsikana operekeza. Zolembedwa RW mumatha kufufuta n'kulembanso, koma mawailesi ena akale amazikana. Zolembedwa R mumalemba kamodzi basi, ndipo apa ndi pamene jenereta yanu ikuonetsa ntchito. Kompyuta ikamabena chimbale, kuwala kwa laser kumawotcha timadontho pa utoto wopyapyala umene uli mkati. Magetsi akangogwedezeka pakatikati, kompyuta n'kuthima, chimbalecho chatha ntchito. Mnyamata woika nyimbo pa tireding'i senta akanakhala ndi ya inverter, zimbale zake zonse zikanatuluka zamoyo. Koma ndiye mbalame za kudimba tikanaziopseza ndi chiyani? Akabaza akanakongoletsa ndi chiyani kumbuyo kwa njinga? Zimbale zowonongeka zili ndi msika wake, musaziderere.

Pogula, sankhani zotchipitsitsa, zopanda dzina, zimene mukaziloza kudzuwa mumaona nkhope ya wogulitsa kuseri kwake. Pachimbale pakalembedwa 52x, uzani mnyamatayo abene pa liwiro lomwelo, asamatsitse, ngakhale akudziwa kuti kubena pang'onopang'ono kumachepetsa zolakwika. Dzina la ukwati mulembe ndi bolopeni, mokanikiza. Anthu ambiri amasamala kunsi kowala, osadziwa kuti pa CD nkhani yonse yagona pafupi kwambiri ndi kumwamba, pansi pa kachikopa kopyapyala pomwe mukulembapo. Mukatero kachiikeni pawindo kuti chiziwothera dzuwa la October, chifukwa utoto uja umafooka ndi kuwala ndi kutentha. Ubwino wake ndi wakuti pakatha zaka zingapo umboni wonse umafufutika wokha. Palibe adzaonenso kuti amalume anaponya K200 n'kutenga chenje, kapena kuti mkwati analonjeza pa maikolofoni kuti mowa wasiya. Mabanja ambiri alimba chifukwa cha chimbale chodumphadumpha.

Mwina chikumbumtima chikukuvutani kuti kubena nyimbo za eni ndi kuba. Kale oyimba ankapita ndi nyimbo zawo kwa O.G. Issa, makaseti n'kugulitsidwa dziko lonse, woyimba n'kugula minibasi. Kompyuta ya pa tireding'i senta inathetsa zonsezo. Koma lamulo la umwini wa luso la 2016 linabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo, zimbale zopanda kanthu zili m'gulu lomwelo, ndipo bungwe la COSOMA limagawira oyimba ndi aluso ena ndalamazo. Ndiye taonani pamene tafika: chimbale chokhala ndi nyimbo zake, chobenedwa kuseri kwa golosale, woyimba sichimupatsa tambala, koma chopanda kanthu chimene chinalowa pa chipata n'kulipira msonkho chimamupatsa kenakake. Ngati mumakondadi woyimba wanu, gulani kamtengo kathunthu ka 50, kodutsa pa Mwami masana osati kodzera m'chimanga, ndipo musalembepo chilichonse.

Pali anthu ena m'mudzi muno amene ayika sola padenga, batire pansi pa bedi, ndipo akuti amaonera mpira womwewo popanda petulo. Musamacheze nawo kwambiri. Munthu amene sapita pa mzere wa mafuta nkhani za m'dziko amazimvera kuti? Mwezi watha wokha pa mzere pankamveka za amene wathawitsa mkazi wa mwini, za mtengo wa soya ku Chipata, ndi za tankala imene aliyense anali ndi msuweni woti waiona ikudutsa pa Namitete. Wa sola zonsezi zinamupita. Anali kunyumba, akuonera TV.