Tikiti Ndalipira, Kambuku Ali Kuti?

Kwerani msanga, boti likunyamuka! Lero tili ku Manaus, m'dziko la Brazil, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni womwe unamera pakati penipeni pa nkhalango ya Amazon. Mayi wina atangoponda m'boti anaona chinyama chaubweya chitagona pansi pa benchi. Anagwada, kamera m'manja, kujambula kumutu, kujambula kumchira. Kenako ananong'oneza wotsogolera alendo kuti, "Achimwene, chilombo ichi dzina lake n'chiyani?" Iye anati, "Ameneyo ndi galu wa kaputeni, mayi." Mayi uja anangoti kukamwa yasa. Kenako: "Musauze munthu. Ndatumiza kale kugulu la amayi a kumpingo."

Maboti otsika mtengo a kumeneko alibe mabedi. Aliyense amamangirira machila ake pazitsulo n'kugona molendewera, mnzako kumanja, mnzako kumanzere. Agogo ena aamuna, omwe anakula akumva za azungu akale onyamulidwa pamachila, analowamo mwaulemu, chipewa pamimba, miyendo n'kupingasa. Ola lathunthu ali phee. Kenako anakodola mdzukulu wawo: "Iwe, takafunsa. Ondinyamula abwera nthawi yanji?"

Kungotuluka mu Manaus pang'ono, mtsinje wa Negro umakumana ndi wa Solimões. Wina ndi wakuda bii, winawo ndi wamatope, ndipo imayenda moyandikana makilomita pafupifupi 6 osasakanikirana. Wotsogolera alendo anayamba sukulu yake: madzi a Negro ndi ofunda ndipo amayenda pang'onopang'ono, a Solimões ndi ozizirirapo komanso aliwiro, ndiye kuti… Agogo ena aakazi anamudula pakamwa. "Usadzivute, mwana wanga. Njira imodzi, ulendo umodzi, osalankhulana. Ine pamitala ndakhalapo."

Tiyeni patsogolo. Bambo wina anabwereka magalasi oonera patali kuti aone toucan, mbalame ija ya chimlomo chachikulu chowala. Anawagwira chozondoka. "Aa, zabodza," anatero, "mbalame za kuno n'zazing'ono kwabasi, ndiponso zili kutali." Mwana wake anamutembenuzira magalasi aja. Bamboyo atayang'ananso anadumpha n'kugwera pabenchi: "Yafika nthawi yanji apa?"

Ndiye pali kanyama kotchedwa sloth, komwe kamakhala kali lende mumtengo, kuyenda kwake kochita kufuna kalendala. N'kochedwa moti ndere zimamera paubweya wake, ndipo kamatsika pansi kamodzi pa sabata kukadzithandiza. Mkulu wina wopuma pantchito anakayang'anitsitsa kwa theka la ola, ndipo m'nthawi yonseyo kanangosuntha mkono umodzi. Mkuluyo anavula chipewa, n'kukuwa: "Bwana! Pepani bwana! Kodi fayilo yanga ya penshoni ili ndi inu?"

M'bandakucha nkhalango imagwedezeka ndi kubangula kwa anyani otchedwa howler, omwe mawu awo amamveka makilomita angapo. Mayi wina ali m'tulo anatambasula mkono n'kugwedeza machila oyandikana nawo: "Inu bambo, tatembenukani, mwayambanso." Amuna awo anali atadzuka kale, akumwa khofi kumtunda kwa boti. Usiku wotsatira bambowo anagona tulo tawo teniteni. M'mawa mwake nkhalango yonse inali zii. Mayi aja anafunsa kaputeni kuti anyani ali kuti lero. Kaputeni, maso ali psuu, anayankha: "Asamuka, mayi. Akuti sanagone."

Imvani iyi. Mvula inagwa ya mkokomo, monga imagwera kumeneko, mosapempha chilolezo. Mlendo wina, atanyowa mpaka m'masokosi, anapita kwa kaputeni ndi risiti m'manja: "Taonani apa. Ine ndinalipira nkhalango yokha. Mvulayi waitanitsa ndani?"

Kuwedza piranha ndi gawo la ulendo. Amakupatsa ndodo, mbedza ndi tizidutswa ta nyama ya ng'ombe ngati nyambo, n'kukuuza kuti uvundule madzi ndi nsonga ya ndodo kuti zibwere. Bambo wina anaponya, nyama yapita. Anaponyanso, yapita. Mbale yonse inatha, mbedza ili mbee. Anapukuta thukuta n'kufunsa: "Achimwene, tandiuzani zoona. Tabwera kudzawedza, kapena ndi tsiku lathu lophikira nsombazi?"

Madzulo ake wophika anabweretsa supu ya piranha, yomwe anthu a kumeneko amaikonda. Wotsogolera alendo anatsimikizira onse kuti nsombazi siziukira anthu kawirikawiri monga amaonetsera m'mafilimu, ndipo ana a m'midzi ya m'mphepete mwa mtsinje amasambira momwemo. Mayi wina anagwira supuni, n'kuibweza. "Ndamva, achimwene. Komabe ndisanalawe, tatiwerengani kaye ngati tilipo tonse."

Usiku amatsitsa bwato laling'ono kukafuna ng'ona za kumeneko zotchedwa caiman. Wotsogolera amawalitsa tochi m'mphepete mwa madzi, ndipo maso a ng'ona amanyezimira ofiira mumdima. Anawalitsa apa, awiri. Anawalitsa apo, khumi. Alendo onse mtima uli m'mwamba, kupatula bambo wina yemwe kuyambira ku Manaus ankadandaula za ludzu. Iye anasisita manja mokondwa: "Maso ofiira, kukamwa yasa, palibe akusuntha. Palasani, anyamata, bawa ili pafupi!"

Musatsike, zilipo zina. Mumtsinjemo muli boto, dolphin wa mtundu wa pinki. Nthano ya kumeneko imati usiku wa chikondwerero boto amasanduka mnyamata wokongola wovala zoyera, n'kupita kudansi kukanyenga atsikana, ndipo savula chipewa chifukwa chimabisa bowo lopumira lomwe lili pamutu pake. Bambo wina wa ana aakazi atatu atamva zimenezi anadzuka mwakachetechete, n'kulunjika kwa mnyamata yemwe kuyambira m'mawa ankasekerera mwana wake woyamba. Anamuvula kapu, n'kupapasa pamutu ponse. Bowo palibe. Anamufunsa za ntchito, palibe. Za nyumba, amakhala kwa amalume. Bamboyo anamubwezera kapu ija n'kuusa moyo: "Bola ukanakhala boto. Ujayu ndiwo amapeza yekha."

Pirarucu ndi chinsomba chomwe chimatha kutalika mpaka pafupifupi mamita 3, ndipo chimapuma mpweya. Pakapita mphindi zingapo chimatulukira pamwamba kudzameza mpweya, ndipo chikalephera kutero chimafa momira. Wotsogolera alendo asanamalize n'komwe, chimodzi chinatulukira pafupi ndi boti n'kuti phwii! Mphunzitsi wina wachifundo anavula jekete yake yoyandamitsa n'kuiponya m'madzi: "Gwirirani pamenepo, achimwene, thandizo likubwera!"

Nyengo ya madzi ambiri mtsinje wa Negro umakwera mamita 10 kapena kuposa, nkhalango n'kumira, bwato n'kumadutsa pakati pa nthambi. Nthawi imeneyo nsomba za tambaqui zimalowa m'nkhalango kukadya zipatso ndi njere zogwa m'mitengo. Bambo wina atapeza netiweki analembera akazi ake pa WhatsApp: "Lero tapalasa bwato pamwamba pa nkhalango. Taona nsomba zikudya zipatso. Dzulo tinaona nsomba yomwe imaopa kumira." Yankho silinachedwe: "Perekani foniyo kwa munthu amene sanamwe."

Za udzudzu. Madzi a Negro ali ndi asidi wochuluka wochokera ku masamba owola, moti udzudzu suswana kwenikweni kumeneko. Mayi wina yemwe anagula mafuta othamangitsa udzudzu mabotolo asanu ankayenda monyadira: "Mwaona? Wamva fungo lokha, wathawa mtsinje wonse." Boti litakhotera ku Solimões, udzudzu unamulandira ndi manja awiri. Anadzimenya patsaya, pakhosi, pamwendo, n'kukalipira kaputeni: "Inunso! Anthu athawa okha, inu n'kuwatsatira kwawo?"

Mu 2019 akatswiri analengeza za mtundu wa nsomba yamagetsi ya ku Amazon, yooneka ngati mkunga, yomwe imatulutsa mavoti okwana 860. Alendo onse anabweza manja m'boti. Bambo wina wochokera kwathu kuno, komwe kandulo sasowa m'nyumba, anasendera pafupi ndi wotsogolera. "Mwati 860?" "Inde, bambo." "Usana ndi usiku?" "Ikafuna, inde." Bamboyo anatulutsa cholembera: "Chabwino. Nanga imazima masiku ati?"

Bambo yemweyo tsiku lina anaona capybara zikudya udzu m'mphepete mwa madzi. Anamuuza kuti imeneyi ndi nyama yaikulu kuposa zonse m'banja la makoswe ndi mbewa, ndipo imodzi imatha kulemera makilogalamu oposa 50. Anakhala chete nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Mkazi wake anamugwira paphewa: "Mwatani, bambo?" Iye anati, "Ndikuganiza za anyamata a pamsewu wa ku Lilongwe. Kamtengo kopanira imeneyi akakapeza kuti?"

Hoatzin ndi mbalame yodya masamba, ndipo masambawo amasasa m'kati mwake monga zimachitikira mwa ng'ombe, n'chifukwa chake imanunkha ndowe. Bwato likudutsa pansi pa mtengo wake, fungo linagwa, anthu n'kugwira mphuno, wotsogolera n'kufotokoza. Mkamwini wina yemwe anakhala moyandikana ndi apongozi ake anaona kuti mwayi ndi womwewu. Patapita kanthawi fungo linagwanso, ndipo iye anafulumira kuloza m'mwamba: "Mbalame ija yayambanso!" Apongozi anayang'ana kumanja, madzi okhaokha. Kumanzere, madzi okhaokha. Anakonza mpango wawo n'kunena modekha: "Yanuyi, bambo, ndiye yolipira tikiti."

Paulendo wapansi m'nkhalango anakumana ndi mzere wa nyerere zitasenza tizidutswa ta masamba. Wotsogolera anati masambawo sizidya, zimakawaunjika kuuna kwawo n'kulimapo bowa, ndipo bowayo ndiye chakudya chawo. Mlimi wina anagwada n'kuzitsatira ndi maso mpaka pauna. "Ndiye kuti ndi alimi anzathu?" "Inde." "Amakolola chaka chilichonse?" "Tsiku lililonse." Mlimiyo anatsitsa mawu: "Makuponi a feteleza amawalembetsa kwa mfumu iti?"

Pachakudya chilichonse m'boti pamakhala farinha, ufa wa chinangwa wokazinga womwe amawaza pansomba, panyemba, paliponse. Agogo aja a pamitala analawa n'kufunsa kuti chinangwa chathuchi anabwera nacho ndani kuno. Anawauza kuti kwawo kwa chinangwa ndi konkuno ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anachiwolotsa nyanja kupita nacho ku Africa zaka za m'ma 1500. Agogo anaika supuni pansi, n'kuwomba m'manja molunjika kumunda wa patsidya: "Zikomo eni mbumba. Mwana wanu anafika bwino, ndipo anabereka."

M'madzi odekha muli maluwa otchedwa Victoria amazonica, omwe tsamba lake limodzi limatha kukula mamita 3 kuchoka mbali ina kufika ina. Wotsogolera anati tsambalo likhoza kunyamula mwana. Atangotembenuka anamva khuvuu! Anavuula bambo wina wa mimba yake, ndere zili kumutu, minga ya pansi pa tsamba itamukala miyendo. "Bambo, ndinati mwana!" Bamboyo analavula madzi: "Nanga ine? Kwathu ndine mwana wotsiriza."

Atafika pamtengo wa mphira, wotsogolera anasimba za chuma chomwe chinamanga nyumba ya zisudzo ya Teatro Amazonas ku Manaus mu 1896. Anasimbanso za Mngelezi Henry Wickham, yemwe mu 1876 anatenga njere za mphira 70,000 n'kupita nazo ku Kew Gardens ku London. Mbewu zake zitakafika ku Asia, malonda a mphira a ku Amazon anadzagwa chagada. Mayi wina, yemwe chikwama chake chinali chitafufuma ndi njere zotola m'njira, anayamba kuzitaya imodziimodzi kumbuyo kwake. Kenako anafunsa ndi mawu onjenjemera: "Anamumanga zaka zingati?" "Sanamumange, mayi. Patapita zaka anamupatsa ulemu wa Sir." Mayi uja anabwerera chambuyo n'kuyamba kutola.

Tsiku lomaliza, bambo wa risiti uja anatulukiranso. Sabata yonse anali akudikira jaguar, kambuku wa kumeneko, yemwe m'nkhalango yowirira chotere saoneka wamba. "Tikiti ndalipira, kambuku ali kuti?" Wotsogolera alendo anayesa kumutonthoza ndi mawu omwe amauza aliyense: "Bambo, inu simunamuone, koma dziwani kuti iye wakuonani." Bamboyo anaganiza pang'ono, n'kutambasula dzanja: "Wandiona sabata yonse? Ndiye alipire iyeyo."