Mmene Mungakhalire Wosangalala pa Kampani ya Mainjiniya Alangizi

Mwamaliza maphunziro ku MUBAS, mkanjo mwabweza, ndipo kampani ina ya mainjiniya alangizi yakulembani ntchito. Mwachita bwino. Tsopano tcherani khutu, kuti mukafike pa penshoni mutu uli bwinobwino.

Choyamba, dziwani malonda a kampani yanu. Milatho ndi misewu amamanga ndi makontirakitala. Abwana anu amagulitsa maola anu. N'chifukwa chake pepala lopatulika mu ofesi ndi timesheet. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata. Lilemekezeni lamuloli: gwirani mpaka 9 koloko usiku, koma lembani kuti munaweruka 5 koloko. Maola otsalawo ndi chopereka chanu, ndipo wopereka mokondwera sasunga malisiti.

Chachiwiri, musachite nsanje ndi CV ya akuluakulu. Kampani ikamapikisana pa ntchito yolipiridwa ndi World Bank, imaika patsogolo dzina la katswiri wa imvi zake. Iyeyo amatera pa Chileka kawiri pa chaka, kujambulitsa atavala chipewa cholimba, n'kubwerera. Kuwerengera zitsulo za mlatho ndi kujambula pa AutoCAD ndi kwanu. Lipoti likatuluka mudzapeza dzina lanu pansi penipeni, zilembo ziwiri zokha. Zijambuleni mutumizire amayi kumudzi.

Chachitatu, kondani usiku wa tenda. Bokosi loponyamo tenda limatsekedwa 10 koloko mmawa, choncho palibe chifukwa choyambira kulemba Lolemba. Yambani dzulo lake madzulo. Pulinta idzatafuna tsamba 74, magetsi adzazima, jenereta idzapezeka ilibe dizilo. Kukacha mudzakwera kabaza mutakumbatira envulopu ngati mwana wodwala. Mukapambana, ndi nzeru za abwana. Mukalephera, padzakhala msonkhano wofufuza amene anaiwala kudinda tsamba lomaliza.

Chachinayi, kusaiti pitani ndi mtima woyera. Adzakupatsani jombo zoposa phazi lanu ndi masaizi awiri. Valani masokosi atatu. Kontirakitala adzakutchulani "bwana injiniya" mpaka tsiku loswa timabuloko ta konkire. Tikalephera pa masiku 7, adzati tidikire masiku 28. Tikalepheranso, mudzapeza mbuzi itamangiriridwa kuseri kwa ofesi yanu, mwini wake osadziwika. Ikaneni, kenako imbirani ku likulu kufunsa alawansi yanu ya miyezi itatu yapitayo. Adzakuuzani kuti fomu yanu ili pa tebulo la akauntanti. Sakunama, ilidi pompo. Amaikirapo kapu ya tiyi.

Chachisanu, pa nkhani ya malipiro khalani munthu wa chikhulupiriro. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Simenti inamva, zitsulo zinamva, lendi inamva, koma malipiro anu ndi olimba mtima, sanagwedezeke. Akachedwa, yankho ndi limodzi: kasitomala sanalipire invoisi. Musayang'ane galimoto yatsopano imene yaima pa malo a abwana, inagulidwa ndi invoisi ina. Za penshoni, lamulo limati olemba ntchito aziika 10 peresenti, inu 5 peresenti. Yanuyo imadulidwa mokhulupirika mwezi ndi mwezi. Kufunsa kumene imafikira ndi kupanda mwambo.

Chachisanu ndi chimodzi, musathamangire kulembetsa ku Malawi Engineering Institution ngati injiniya wovomerezeka. Pamafunika wamkulu woti asainire zimene mwagwira, ndipo wamkuluyo amakukondani. Akudziwa kuti mukangolandira satifiketi, kampani ya kutsidya kwa msewu idzakuimbirani foni. Akati "chaka chamawa", thokozani.

Pomaliza, kumapeto kwa chaka kudzabwera fomu yofunsa ngati mukukhutira ndi ntchito. Akuti ndi yachinsinsi, simulembapo dzina, mumangolemba dipatimenti. Poti mu dipatimenti ya milatho mulimo nokha, chongani "wokhutira kwambiri". Ndipo muidzaze nthawi ya nkhomaliro, chifukwa palibe kasitomala amene angalipire mphindi zimenezo.