Mmene Mungakhalire Katswiri wa Mortal Kombat ku Fingoé

Anyamata a ku Marávia, kukuntha mnzako pa Mortal Kombat ngakhale mwana wa pulayimale akutha masiku ano. Ulemu weniweni uli kwa amene amatha kulongosola kuti nkhani yake inayambira pati, ndipo ine ndikuphunzitsani kwaulere.

Masamu a kusukulu muwasiye kunyumba. Gemuyi anaipanga Ed Boon ndi John Tobias ku Chicago mu 1992. Mu 2019 kunatuluka Mortal Kombat 11, ndipo yotsatira yake, ya 2023, anaitcha Mortal Kombat 1. Wina akafunsa kuti 12 inalowera kuti, muyang'aneni mwachisoni, mupukuse mutu.

Musamathamangirenso kulira maliro. Liu Kang anaphedwa mu 2002. Anafanso mu 2011, Raiden atatumiza uthenga kwa Raiden wakale n'kusokoneza zonse. Pofika 2019 anali mulungu wa moto, ndipo mu 2023 ndi iyeyo amene analenga dziko mwatsopano. Wotereyu chipepeso chake mungoonongerapo ufa.

Pa Sub-Zero ndiye khalani pansi bwinobwino. Woyamba anali Bi-Han. Scorpion atamupha, mng'ono wake Kuai Liang analowa dzina, monga mmene dzina la Undi limalowedwera mwini wake akatisiya. Apa aliyense wa kwathu kuno amva. Koma Bi-Han anakana kugona m'manda, anadzuka ali bii, akutchedwa Noob Saibot. Ndiyeno mu 2023 Bi-Han ndi Sub-Zero kachiwiri, pomwe mng'ono uja wasanduka Scorpion, dzina la munthu yemwe anapha mkulu wake! Izi musakazinene pafupi ndi a nyakwawa, angaitanitse bwalo.

Pomwe zakusokonezani inu eni, musachite manyazi, tchulani Kronika, mayi wosunga nthawi wa mu gemu ya 2019. Chilichonse chosagwirizana mum'kankhire iyeyo, sadzabwera kudzakana.

Katswiri weniweni amakhalanso ndi mphekesera yakeyake. Nenani kuti Raiden ndi malume wake wa Liu Kang, n'chifukwa chake amalowerera nkhani zonse osaitanidwa. Akafuna umboni, munamva kwa msuweni wanu wa ku Katete. Palibe amene adzadumphe malire kukafunsa.

Mnzanu akakuposanibe pakamwa, lekani zolankhula. Sankhani Scorpion, iye asankhe Sub-Zero, ndipo wogonjayo ndiye alipire zotchajira foni.